Mabuku a Makeke M'galimoto ya Maliro

Mayi Roswitha Terhorst sanagule galimoto yonyamula maliro chifukwa chokonda imfa ayi. Anaigula chifukwa cha msana. Mabuku a kaphikidwe ndi olemera, anthu inu, ndipo munthu amene watha zaka akuwerama kuwatulutsa m'buti ya kagalimoto kakang'ono amafika poti akafuna kuvala nsapato amayamba wapemphera. Ndiye mkulu wina dzina lake Möllers, wokonza maliro wa m'tauni ya Coesfeld, atagula galimoto yatsopano n'kuika yakaleyo pamalonda, mayi Roswitha anapita kukaiona. Anatsegula kumbuyo naona timawilo tija timene bokosi limatsetserekapo. Anaikapo chikwama chawo n'kuchikankha ndi chala chimodzi, chikwamacho chinayenda chokha mpaka kutsogolo. Za injini sanafunsenso.

Amuna awo, bambo Alfons, amene anagwira ntchito ku fakitale ya mkaka mpaka kupuma, anali kukhola la nkhunda zawo pamene chigalimoto chakudacho chinalowa pageti. Anavula chipewa asanaone n'komwe amene akuyendetsa.

"Watisiya ndani?" anafunsa.

"Palibe. Ndi yathu imeneyi."

"Yathu? Mayi, mwandikonzera kale ulendo?"

"Inu malo anu ndi mpando wakutsogolo. Kumbuyoku n'kwa mabuku."

Ntchito ya mayi Roswitha inali yotere. Kampani ina ya ku Bielefeld inkasindikiza mabuku atatu: lobiriwira la makeke, lofiira la nyama, ndi labuluu la anthu ofuna kuchepetsa thupi. M'sitolo simukanawapeza. Mayi wina ankaitana anzake kunyumba kwake masana kuti adzamwe khofi, mayi Roswitha n'kufika ndi makatoni, kumanga epuloni, n'kuphika keke ya batala mu uvuni wa mwini nyumba onse akuonerera. Anthu akadya n'kuyamba kunyambita zala, ankatulutsa buku lobiriwira. Akaona kuti wina wamasula mobisa batani la siketi, ankatulutsa labuluu. Asanachoke ankaonetsetsa kuti agwira mayi mmodzi wamanyazi, wosadziwa kukana, woti adzaitanenso anzake mwezi wamawa. Umu ndi mmene anayendera midzi yonse ya chigawo chino, khitchini ndi khitchini.

Bambo Alfons anagula penti wachikasu kuti galimotoyo isamaopseze ana. Koma asanatsegule chitinicho, mayi Roswitha anapita nayo kumudzi wa Holtrup, kwa mayi Gisela Rottmann. Tsono kwa a Rottmann kunali agogo ena, apongozi ake a Gisela, amene anakhala akudwala zaka ndi zaka, moti anansi onse anasita kale zovala zakuda. Galimoto itangoima pakhomo, makatani m'nyumba zonse anagwedezeka. Posakhalitsa amayi anayamba kulowa, makhoti akuda atavalira pamwamba pa maepuloni, maso atanyowa kale. Anapeza agogowo ali tsonga pampando, akudikira keke ndi foloko m'manja.

"Mwadzatani nonsenu?" anafunsa agogo.

"Timangodutsa, agogo."

"Mungodutsa mutavala zakuda? Khalani pansi, afiti inu. Sindinafe."

Munthu amene wabwera kudzakulira n'kukupeza wamoyo sangatuluke chimanjamanja, manyazi amamugwira. Tsiku limenelo makatoni onse anabwerera opanda kanthu. Penti wachikasu uja anathera pakhola la nkhunda, ndipo kuyambira pamenepo mayi Roswitha akamalowa m'mudzi ankayendetsa pang'onopang'ono mwaulemu.

Makatoni sankanyamula okha. Akangoima pakhomo ankaitana amayi onse panja n'kuwaimika ngati asilikali. "Awiriawiri, ofanana msinkhu! Gwirani pansi! Pindani maondo, osati msana!" Mawu amenewa anafala moti amayi a m'midzi yosiyana akakumana kumsika, wina akawerama kutola dengu, mnzake ankamukuwira kuti pindani maondo, onse n'kufa nazo kuseka. Kunyumba wopakira anali bambo Alfons. M'mawa uliwonse wa tsiku la malonda ankalowetsa makatoni, ofiira mkati, obiriwira kukhomo, n'kupukuta magalasi ataliatali aja mpaka kuwala. Chakudya cha m'mabukumo sanachilawepo, kupatula keke yotsala. Mayi Roswitha kunyumba ankaphika mbatatesi ndi soseji, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo ankati zophika za m'buku n'za anthu amene ali ndi nthawi.

Tsono kwathu kuno chinansi si nkhani yoyandikana mipanda basi. Nyumba iliyonse ili ndi nyumba zake zisanu ndi imodzi zimene makolo anapangana nazo kalekale. Amenewo ndi amene amakupachikira nkhata ya maluwa pakhomo ukakwatira, amakufulira khofi pamaliro, ndipo amuna ake ndi amene amanyamula bokosi lako. Wopanda anansi amanyamulidwa ndi aganyu a Möllers, anyamata ovala magolovesi oyera amene sakudziwa n'komwe dzina lako, ndipo anthu amaikamba nkhaniyo mpaka adzukulu ako kukula. Bambo Alfons ananyamula aliyense amene anamwalira mumsewu wawo kuyambira ali mnyamata. Sanali munthu wonyada, koma pa ichi chokha ankanyada. Ankadziwa amene anali wopepuka ndi amene anawathyola phewa, ndipo ankakonda kunena kuti tsiku lawo likadzafika adzagona phee ngati bwana, ena akutuluka thukuta.

Mnansi wawo woyamba, mkulu wa onse asanu ndi mmodziwo, anali bambo Theo Wesseling, mlimi wa nkhumba, munthu woti akaseka ndiye kuti dzino likumupweteka. Akazi awo, mayi Agnes, anali mnzawo wa mayi Roswitha kuyambira ku sukulu, ngakhale kuti sanagulepo buku n'limodzi lomwe. Ankati amayi awo anawaphunzitsa kuphika ndi manja, osati ndi maso.

Amayi ake a bambo Theo atamwalira, zonse zinayenda bwino mpaka pa khofi. Bambo Alfons ananyamula kutsogolo kumanja monga mwa nthawi zonse. Mayi Roswitha, monga mnansi, anaphika keke ya batala mathireyi angapo, n'kupita nayo kuholo m'galimoto yawo ija, pakuti ina analibe. Makatoni a mawa lake anali kale momwemo. Keke inakoma. Azakhali ena ochokera kutali, akupukuta misozi ndi dzanja limodzi, linalo likutola nyenyeswa, anafunsa kuti kodi keke yotere amaiphika bwanji.

Apa munthu wanzeru akanati ndidzakuuzani tsiku lina. Koma lilime la wamalonda limayenda lokha ngati chikwama chija pa timawilo.

"Zili m'buku lobiriwira, mayi. Ndili nalo panjapa."

Anatuluka awiri. Kenako anatsatira anayi. Pamene bambo Theo ankatuluka kukatsanzikana ndi bambo mfumu, wansembe wa tchalitchi chawo, anapeza mzere wa amayi ovala zakuda kumbuyo kwa galimoto ya maliro, chitseko chili yasa, mayi Roswitha akukuwa kuti amene akufuna lofiira aimike dzanja. Nkhata za pamanda a amayi awo zinali zisanafote n'komwe.

Lamulungu lotsatira bambo Theo anabwera atavala jekete ya kutchalitchi. Bambo Alfons anawathirira kachasu wa tirigu m'kagalasi monga mmene mnansi amalandiridwira. Bambo Theo anakayang'ana kagalasiko, n'kuika manja kumbuyo. Kwathu kuno zimenezo n'zokwanira, mawu amangotsatira mwamwambo. Anati nyumba zonse zisanu ndi imodzi zakhala pansi, ndipo chinansi ndi banja la a Terhorst chatha.

Bambo Theo atatuluka, bambo Alfons anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kagalasi kodzazako.

"Ndiye adzandinyamula ndani?" anafunsa.

"Aa, inunso! Mukufa liti? Munthu wodya soseji ngati inu?"

"Sindikuseka, mayi. Ndanyamula msewu wonsewu. Ine aganyu asadzandikhudze."

Mayi Roswitha anaseka, koma mumtima munawawa, chifukwa anadziwa kuti chimene awalanda amuna awo sichigulidwa kulikonse. Anaganiza zokapepesa. Vuto n'lakuti munthu amapepesa ndi chimene ali nacho, ndiye anakulunga buku lobiriwira m'pepala lamaluwa n'kupita nalo kwa mayi Agnes.

"Achemwali, landirani. Laulere."

Mayi Agnes anatsegula, naona chikuto. "Roswitha, mutu wako ukuyenda bwino? Buku lomwe lija?"

"Ndiye ndikupatse labuluu? Likhoza kukuthandiza."

Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu moti belu linalira lokha. Buku silinabwezedwe, koma moni anatha. Zaka zinadutsa, a Wesseling akakwatitsa mwana a Terhorst ankaonera pawindo, ndipo mumsewu mukachitika maliro bambo Alfons ankaima kumbuyo kwa anthu ngati mlendo, mapewa akuwayabwa. Kupakira makatoni sanasiye, ndipo sanawanenepo akazi awo ngakhale kamodzi. Zimenezi n'zimene zinkawapweteka kwambiri mayi Roswitha. Akanakonda kukalipiridwa.

Tsiku lina m'nyengo yophukira mitengo, kunali malonda kwa mayi Gisela ku Holtrup komwe kuja. Mayi Roswitha anatuluka ndi epuloni m'manja n'kupeza galimoto yopakiridwa bwinobwino, ofiira mkati, obiriwira kukhomo, magalasi akuwala. Bambo Alfons anali atakhala m'mphepete kumbuyoko, atatsamira katoni, nsanza yopukutira ili pabondo.

"Dzukani, aulesi inu, ndichedwa," anatero.

Sanadzuke.

Dokotala atapita, ndi mwana wa Möllers atabwera kudzatenga thupi, mayi Roswitha anavala zakuda n'kuwoloka msewu. Sanapite ndi buku. Anaima pakhomo pa a Wesseling nanena kuti cholakwa chinali chawo, osati cha malemu, ndipo anapempha. Mayi amene anagulitsa mabuku a nyama kwa anthu osadya nyama anasowa mawu okometsera, anangopempha basi. Bambo Theo anamvetsera mutu uli pansi. Anati pepani kwambiri, Alfons anali munthu. Koma chinansi chikatha chimabwezedwa pamsonkhano wa nyumba zonse, ndipo msonkhanowo umachitika pa chaka chatsopano.

"Ndiye ndiwasunge mufiriji mpaka Januwale?"

"Mwambo sindinaupange ndine, mayi."

Mayi Agnes anali chiimire kumbuyo kwa amuna awo, akupotokola thaulo.

Mwana wa Möllers anali wachifundo. Anati asadandaule, ali ndi anyamata asanu ndi mmodzi aulemu kwambiri, magolovesi ochapa. Mayi Roswitha anamuuza kuti anyamata akewo akanyamule agogo awo. Atafunsa kuti nanga anyamula ndani, anamuyankha kuti zimenezo si zake. Kunena zoona, nawonso sankadziwa. Ana analibe, achibale anali nkhalamba zoyendera ndodo. Anakhala kukhitchini akuyang'ana khoma, mpaka anakumbukira kuti ku Holtrup anthu anawadikira ndi khofi osauzidwa kanthu. Anaimba foni kuti apepese.

"Gisela, ndine. Pepa, sindinabwere. A Alfons atisiya."

Mayi Gisela anafunsa za tsiku la maliro, za nthawi, ndiponso, monga munthu wa kuno, anafunsa kuti anansi akonza zotani. Apa mayi Roswitha analira koyamba, kulira konyansa kwa mamina, nanena zonse: za azakhali aja, za kagalasi ka kachasu, za aganyu.

"Bokosilo n'lolemera bwanji?" anafunsa mayi Gisela.

"Ndidziwa bwanji ine? Ngati makatoni asanu ofiira, kapena asanu ndi limodzi."

"Basi? Chabwino. Pukuta mphuno, ukagone."

Mayi Roswitha anaiwala chinthu chimodzi chimene iwo omwe anaphunzitsa chigawo chonse: mayi mmodzi akaitana anzake, mwa anzakewo wina amaitananso ake. M'mawa wa tsiku la maliro msewu unadzaza timagalimoto tochokera ku Holtrup ndi midzi ina yonse kumene chigalimoto chakuda chinaimapo. Munatuluka amayi okhaokha, onenepa ndi owonda, ogula labuluu ndi osaligula, aliyense atanyamula thireyi yokutira nsalu. Makatani a nyumba zisanu ndi imodzi zija anagwedezeka onse.

Mayi Roswitha anali atauza kale mwana wa Möllers kuti amuna awo sakwera galimoto yachilendo, akwera yawo yomwe ankaipukuta. Koma inali ikadali yodzaza, chipakirire bambo Alfons. Kwa masiku onsewo sanathe kuikhudza. Anatsegula kumbuyo, naona mmene makatoni anawayalira mwaluso, osasiya mpata ngakhale wa chala, ndipo manja awo anakana. Mayi Gisela anawasuntha pang'ono n'kukodola anzawo. Amayi anaima awiriawiri popanda wowauza, natsitsa katundu yense mwakachetechete n'kumuunjika m'khonde. Kenako galimoto inapita kwa Möllers, ndipo bambo Alfons analowa kumbuyo pa timawilo, mosavuta ngati chikwama chija.

Pageti la kumanda bambo mfumu anayang'ana uku ndi uku kufuna amuna. Amuna analipo ndithu. Bambo Theo ndi anzawo asanu anaima kumpanda ndi akazi awo, zipewa m'manja, pakuti mwambo suletsa kuonerera. Amayi asanu ndi mmodzi anasendera kubokosi.

"Amayi, kodi zimenezi zitheka?" ananong'ona bambo mfumu.

"Bambo, ife tanyamula mabuku a mayi awa kukwera nawo masitepe," anayankha mayi Gisela. "Malemuwa ndiye savuta, alibe ngodya zambiri."

Anagwira zogwirira, koma anaima mosokonekera, wamtali kuyang'anizana ndi wamfupi, moti atangoyesa kukweza bokosi linapendekeka. Anthu anagwira mpweya. Mayi Roswitha, amene analonjeza mumtima kuti lero akhala mfedwa waulemu wosatsegula pakamwa, anamva mawu akutuluka okha.

"Ofanana msinkhu, anthu inu! Gisela, pita kumbuyo! Gwirani pansi! Pindani maondo, osati msana!"

Wina anaseka mamina n'kutuluka, kenako kuseka kunayenda mumzere wonse pamodzi ndi misozi. Bokosi linakwera mowongoka, n'kuyamba ulendo. Koma njira ya kumanda kwathu ndi ya timiyala, ndipo mayi wina wa ku Holtrup, amene anagwira kutsogolo kumanja, anabwera ndi nsapato za gogoda. Pakati panjira chidendene chinathyoka, mayiyo anagwada, ngodya ya bokosi n'kutsika. Anyamata a Möllers, amene bwana wawo anawabisa kuseri kwa mitengo kuti mwina mwake, anayamba kuthamanga akuvala magolovesi.

Sanafike. Mayi Agnes anali atawaponyera kale amuna awo chikwama pamimba n'kudutsa pakati pa manda a eni ake. Anagwira chogwiriracho ndi manja onse awiri.

"Agnes!" anaitana bambo Theo. "Msonkhano sunakhale!"

"Khalani nawo nokha msonkhanowo. Gwirani chikwamacho bwino, muli magalasi anga."

Anapinda maondo, osati msana, ngakhale kuti sanapiteko ku malonda ngakhale kamodzi. Malo amene anagwirawo anali a bambo Alfons, kutsogolo kumanja, pamene iwo ananyamulira apongozi ake a mayi Agnes. Anafika nawo mpaka padzenje, ndipo palibe golovesi imene inakhudza bokosilo.

Kuholo mathireyi atavundukulidwa, anthu anayang'anana. Kuyambira kukhomo mpaka kuwindo inali keke imodzimodzi, ya batala, ya m'buku lobiriwira. Ina yopserera, ina yosapsa pakati, koma yonse yomweyo. Bambo mfumu anayenda tebulo lonse kufuna yamtundu wina, osaipeza. Kumapeto kunali thireyi ya mayi Agnes, yojambulidwa maluwa abuluu, imene mayi Roswitha ankaidziwa kuyambira ali mtsikana. Anadula kachidutswa, natafuna.

"Agnes, iyi si ya manja a amayi ako."

"Idya, usandiyankhulitse."

"Wachepetsa shuga."

"Bukulo ndi limene lachulutsa."

Azakhali ena a malemu, ogontha pang'ono, anakoka mkono wa mayi Roswitha n'kufunsa mokweza kuti keke yokoma chonchi amaiphika bwanji. Holo yonse inatembenuka kuwayang'ana. Mayi Roswitha anatsegula pakamwa, anayang'ana mayi Agnes, n'kutsekanso. "Funsani aliyense muno, azakhali," anatero.

Anthu atayamba kuchepa, bambo Theo anabwera kutebulo, chikwama cha akazi awo chikadali pamkono pakuti palibe anawalandira. Anaima ngati mwana woitanidwa kwa ahedi. Mayi Roswitha anatenga botolo la kachasu, nathira m'kagalasi mpaka kusefukira, n'kukakankhira patsogolo pawo. Bambo Theo anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasamutsira chikwama kudzanja lamanzere, natenga kagalasiko, n'kugugudiza.

"Mwachedwa, bambo Theo," anatero mayi Roswitha. "Mnzanu wanyamulidwa kale. Koma musadandaule, ndatsala ine, ndipo labuluu lija sindinaliwerengepo. Muyambiretu kulimbitsa mapewa."

Madzulo anabwerera okha kunyumba, akuyendetsa pang'onopang'ono ngakhale kuti panalibe woti amuonetse ulemu. Makatoni anali m'khonde mmene amayi aja anawasiyira, ofiira ndi obiriwira osakanikirana. Nsanza yopukutira magalasi ija inali pamwamba pa limodzi, wina ataipinda bwinobwino. Anaitenga, nakhala m'mphepete kumbuyo kwa galimoto yopanda kanthuyo, pamalo pomwe paja, mpaka nkhunda zinayamba kulira njala. Ndipo anadzuka kukazipatsa chakudya, osadziwa n'komwe kuti zimadya zochuluka bwanji.